Nyemba, matayala ndi ndege: ntchito ya manambala pogula katundu wa asilikali

Pa 21 June 2022, a Lazarus Chakwera, omwe anali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, analankhula ku mtundu wa Amalawi za lipoti la bungwe lothana ndi katangale la ACB. Ambiri tinkatchera khutu kuti timve mayina, ndipo mayinawo ndi amene anatentha m'mataxi a ku Luwinga ndi pamasiteji a kabaza tsiku lotsatira. Manambala omwe anali m'mawu omwewo sanakhalitse pakamwa pa anthu. Malinga ndi lipotilo, pakati pa 2017 ndi 2021 apolisi ndi asilikali a MDF anapereka makontirakiti 16, a ndalama zoposa madola 150 miliyoni, ku makampani asanu a munthu mmodzi, a Zuneth Sattar. Chitsanzo chimodzi chinali cha galimoto yaikulu yomwe pamsika imapezeka pa madola 200,000 koma boma linaigula pa madola oposa 1.7 miliyoni. A Sattar amakana kuti analakwa, ndipo za mlandu tiwasiyire a makhoti.

Ine chomwe chinandigwira mtima ndi galimotoyo. Kuti munthu aone kuti pali chokayikitsa, sankafunika digiri kapena kompyuta yamphamvu. Ankangofunika manambala awiri atayikidwa moyandikana: mtengo womwe tikufuna kulipira ndi mtengo womwe ena akulipira. Manambala onsewo analipo kale tsiku losainira. Anayikidwa pamodzi patapita zaka, ndalama zitatuluka.

Zimene akatswiri amazitcha kusanthula deta pogula katundu wa asilikali, mutu wake ndi umenewu. Ndi kusonkhanitsa zolembedwa zonse za zomwe zinagulidwa, kwa yani, pa mtengo wanji, zinafika liti, zinakhala nthawi yaitali bwanji zisanawonongeke, kenako n'kuzifunsa mafunso cheke chisanalembedwe. Mawu oti deta asatiopseze. Ndi ma invoisi, makotesheni, mabuku a kusitolo ndi ma log book a magalimoto, zinthu zomwe kalaliki aliyense wa boma amazidziwa.

Tikamva za kugula katundu wa asilikali timathamangira kuganiza za mfuti ndi zipolopolo. Koma tangoganizirani za Moyale Barracks kuno ku Mzuzu, yomwe ambiri timaidziwa chifukwa cha mpira wa Mikango ya ku Kaning'ina kusiyana ndi za nkhondo. Msilikali amadya tsiku lililonse. Pafunika ufa, nyemba, mpunga, mafuta ophikira, shuga. Pafunika yunifomu, jombo, mabulangete olimbana ndi chisanu cha mu June, mankhwala a kuchipatala, dizilo, matayala, mabatire, simenti yokonzera nyumba. Chimodzimodzi ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ku Cobbe Barracks ku Zomba, ku Chilumba ndi kwa asilikali a panyanja ku Monkey Bay. Katundu wotereyu amagulidwa mobwerezabwereza, mwezi ndi mwezi, ndipo chinthu chogulidwa mobwerezabwereza ndicho chimasiya mapazi ambiri oti munthu n'kulondola. Palibenso chinsinsi cha dziko pa mtengo wa thumba la nyemba. Mdani amene angatigonjetse chifukwa wadziwa mtengo wa nyemba zathu ndiye kuti tinali titagonja kale.

Ntchito yoyamba ndi yosasangalatsa konse: kufananiza mapepala. Chinthu chilichonse chogulidwa mwadongosolo chimasiya mapepala atatu ofunika. Pali oda yomwe ofesi inalemba, ija ambiri amangoti LPO. Pali pepala lomwe wa kusitolo anasaina polandira katundu. Pali invoisi ya wogulitsa yofuna malipiro. Atatuwa amayenera kunena chimodzi. Oda ikati matumba 500, wa kusitolo walandira 420, invoisi ikufuna ndalama za 500, kompyuta ikhoza kuimitsa malipirowo payokha, popanda kudikira kuti wina achite kukumbukira. Amalawi phunziro limeneli tinalilipira modula. Pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, kampani yofufuza mabuku a ndalama ya Baker Tilly inapeza kuti ndalama pafupifupi K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September, ndipo njira imodzi inali yolipira makampani omwe sanapereke kanthu kenako n'kufufuta malipirowo mu IFMIS, dongosolo la pakompyuta loyendetsera ndalama za boma. Kompyuta inalipo. Chinkasowa ndi kufananiza zomwe zatuluka kubanki ndi zomwe zalowa m'sitolo, komanso diso loona kuti ndani wafufuta chiyani.

Musanafike n'komwe pofananiza, pali vuto lina lomwe limaoneka laling'ono koma limadya nthawi yambiri ya osanthula. Tayala limodzi lomwelo, kalaliki wa ku Mzuzu alilemba ndi saizi yake, wa ku Zomba alemba dzina la kampani, wa ku Lilongwe angoti matayala a lole. Kwa kompyuta zimenezi ndi zinthu zitatu zosiyana, ndiye simungadziwe kuti tayalalo lagulidwa kangati chaka chino kapena kuti ndani waligula motchipa. Mayiko a m'bungwe la mgwirizano wa zankhondo la NATO anathetsa zimenezi kalekale popatsa chinthu chilichonse nambala yakeyake ya manambala 13, kuyambira bawuti mpaka injini, ndipo mayiko ena ambiri omwe sali m'bungweli amagwiritsanso ntchito dongosolo lomweli. Sizikoma kuuza nduna kuti chaka choyamba chonse chipita pokonza mayina a katundu, chifukwa palibe riboni yodula pamenepo. Koma popanda zimenezi zina zonse ndi maloto.

Mayina akakonzeka, mitengo imayamba kulankhula. Apa pafunika mutu, chifukwa kwathu kuno mtengo sukhala malo amodzi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu akaona kuti jombo zakwera pafupifupi kawiri pakati pa zaka zimenezi n'kufuula kuti kwabedwa, akhoza kunamizira wosalakwa. Wosanthula wanzeru amasintha mtengo uliwonse kukhala madola malinga ndi mmene kwacha inalili tsiku logula, amachotsapo ndalama zonyamulira kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, amaonanso ngati wogulitsa anadikira miyezi ingati kuti boma limulipire. Chomalizachi n'chachikulu. Wabizinesi aliyense amene anachitapo malonda ndi boma amadziwa kuti malipiro amachedwa, ndiye amaonjezeratu mtengo kuti asadzalire. Deta ikasonyeza kuti ogulitsa omwe amalipidwa mochedwa ndi omwenso amadulitsa, ndiye kuti gawo lina la kudula kwa katunduyo talipanga tokha.

Zonsezi zikachotsedwa n'kutsalabe kusiyana kwakukulu, m'pamene pali funso. Anzathu a ku Mozambique anaziona. Pakati pa 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, anakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni zogulira maboti ophera nsomba ndi zida zolondera gombe, ndipo gawo lalikulu la ngongoleyi linabisidwa mpaka 2016. Kampani ya Kroll itafufuza mu 2017 inachita chinthu chophweka chomwechi: inatenga mitengo ya pa ma invoisi n'kuifananiza ndi mitengo yomwe katswiri woima payekha anawerengera. Kusiyana kwake kunali madola pafupifupi 713 miliyoni, ndipo madola ena 500 miliyoni sanadziwike komwe anapita. Nkhani yonse inali itafundidwa bulangete la chitetezo cha dziko.

Ya ku Ukraine ndiyo imandisangalatsa kwambiri chifukwa inayambira pa dzira. Mu January 2023, nkhondo ndi Russia ili mkati, mtolankhani Yuriy Nikolov anaulula kuti unduna wa zachitetezo unagwirizana zogula mazira a asilikali pa mahryvnia 17 dzira limodzi, pamene m'masitolo a ku Kyiv dzira linali pafupifupi 7. Undunawo unatsutsa, koma wachiwiri kwa nduna anatula pansi udindo, ndipo aphungu anakhazikitsa lamulo loti mitengo ya zinthu zomwe si zida, monga chakudya ndi zovala, izilengezedwa poyera. Dzikolo lili ndi dongosolo la pa intaneti la matenda a boma lotchedwa Prozorro, lomwe linakhazikika mu 2016, ndipo zogula zambiri zotere zinabwerera mmenemo. Ngati dziko lomwe mabomba akugwa usiku uliwonse linaona kuti likhoza kuonetsa mtengo wa dzira, ife amene tili pamtendere chifukwa chathu chobisira n'chovuta kuchimvetsa.

Kupatula mitengo, deta imaonetsanso makhalidwe. Malamulo ogulira katundu wa boma, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, amaika malire: ndalama zikachepa mukhoza kungofunsa makotesheni angapo, zikapyola malire ena muyenera kuitanitsa tenda yapoyera. Amene akufuna kuzemba tenda amaduladula oda imodzi yaikulu kukhala tizidutswa tingapo, kalikonse kochepera pang'ono pa malirewo. Pepala limodzilimodzi limaoneka labwinobwino. Mukaika maoda a chaka chonse pa tchati m'pamene mumaona mulu waunjikana pansi penipeni pa malire ngati nkhuku pakhomo la khola madzulo. Chimodzimodzi makampani atatu opikisana omwe ali ndi nambala ya foni imodzi, bokosi la kupositi limodzi kapena akaunti ya kubanki imodzi. Chimodzimodzi makampani omwe amapambana mosinthana, lero uyu mawa uyo, oluzawo n'kumalemba mitengo yokwera mofanana nthawi zonse. Kapena kampani yomwe yalembetsedwa mwezi watha, lero yapata kontirakiti ya mamiliyoni.

Palinso kachidule kena ka masamu komwe ofufuza mabuku amakakonda. Mu 1938 Frank Benford anaonetsa kuti m'mulu waukulu wa manambala obwera mwachilengedwe, monga ndalama za pa ma invoisi, pafupifupi 30 peresenti amayamba ndi 1, pamene oyamba ndi 9 safika ndi 5 peresenti yomwe. Munthu wopeka manambala m'mutu sadziwa zimenezi, ndiye manambala ake amapatuka. Koma ndichenjeze: zonsezi ndi utsi chabe, si umboni wa moto. Kampani ikhoza kupambana kawirikawiri chifukwa ndi yokhayo kumpoto kuno yomwe ili ndi malole okwanira. Ntchito ya deta ndi kuuza ofufuza ochepa omwe tili nawo kuti pa mafayilo 3,000 ayambire 30 awa, osati kuweruza munthu.

Mpaka pano ndakamba ngati nkhani yonse ndi ya akuba. Ayi. Ndalama zambiri zimatayika popanda wina kuba, kungoti chisankho chinapangidwa poyang'ana mtengo wa tsiku logula lokha. Chida cha asilikali chili ngati ng'ombe ya mkaka: kuigula ndi chiyambi chabe, kudyetsa ndiye nkhani. Pa zida zazikulu monga ndege, ndalama zoyendetsera ndi kukonza pa moyo wake wonse nthawi zambiri zimaposa kutali ndalama zogulira. Ku America, ofesi yofufuza za ndalama za boma ya GAO inanena mu 2024 kuti kungosamalira ndi kuyendetsa ndege za F-35 kudzadya madola pafupifupi 1.6 thililiyoni, pa pulogalamu yomwe yonse idzapyola madola 2 thililiyoni. Ife ndege zoterezi sitidzazigula, koma masamu ake ndi omwewo ngakhale pa lole.

Tiyerekeze kuti pali mitundu iwiri ya malole. Woyamba ndi wotchipa, koma masipeyala ake amachita kuitanitsa kunja ndipo amatenga miyezi, panthawi yomwe madola akusowa m'mabanki. Wachiwiri ndi wodulirapo, koma makaniko aliyense wa m'tauni muno amaudziwa ndipo sipeya yake imapezeka tsiku lomwelo. Pa tenda yoyang'ana mtengo wokha, woyamba apambana. Koma ma job card a ku workshop ndi ma log book a zaka zisanu zapitazi akhoza kunena kuti lole ya mtundu uti inakhala masiku angati ili pamiyala, inamwa dizilo wochuluka bwanji pa kilomita, mabuleki ake anapirira maulendo angati otsika ndi kukwera Chiweta. Nambala yofunika kwa mkulu wa asilikali si mtengo wa lole. Ndi mtengo wa tsiku limodzi lomwe loleyo ili yokonzeka kunyamuka. Namondwe Freddy atagwa mu March 2023, dziko linadalira mahelikopita ochokera ku Tanzania ndi ku Zambia kuti lifikire anthu omwe misewu yawo inaduka. Funso loti chida chiti chilipo ndipo chikugwira ntchito lero si la m'buku ayi.

Kuno ku Mzuzu nkhaniyi ili ndi bala lake. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, yomwe inanyamuka ku Lilongwe kubwera kuno, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 omwe anali mmenemo, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, anamwalira. Akatswiri a bungwe lofufuza ngozi za ndege la BFU la ku Germany atafufuza anapeza kuti ndegeyo inalibe zida zojambula mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege. Anapezanso kuti kachipangizo kotumiza chizindikiro ndege ikagwa kanali ndi batire lomwe linatha ntchito mu 2004, ndipo anauzidwa kuti masipeyala ake sankapezekanso komanso panalibe ndalama zogulira kamakono. Ndimveke bwino: batirelo silimene linagwetsa ndege, ofufuzawo analoza ku kuuluka chapansi m'nyengo yoipa. Kachipangizoko ntchito yake ndi kuitana ofunafuna. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira, asilikali ndi anthu a m'midzi atagona m'nkhalango.

Zaka 20. Bajeti 20 zinadutsa ku Nyumba ya Malamulo m'nthawi imeneyo. Ndipo apa m'pamene ndimasiyana ndi anthu omwe amaganiza kuti deta ndi mankhwala a chilichonse, chifukwa za batirelo sizinali zosadziwika. Amene amakonza ndegeyo ankadziwa. Chomwe kusanthula deta kukanachita ndi kuchotsa nkhaniyo m'fayilo ya kumalo kokonzera ndege n'kuiika pa tebulo lomwe pamagawidwa ndalama, pamzere umodzi ndi zina zonse zofuna kugulidwa, ndi mtengo wake pambali ndi chiopsezo chake pambali. Wosankha akanasankhabe yekha, koma akanasankha akuona kuti kachipangizo aka akukasiya kuti agule chiyani.

Pali mbali ina yomwe deta imabweretsa ndalama m'malo mongoziteteza. Asilikali athu akhala akusungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo kwa zaka zambiri, kuphatikizapo m'gulu lapadera la United Nations lomwe linakhazikitsidwa mu 2013 limodzi ndi Tanzania ndi South Africa. Pa ntchito zotere United Nations imabwezera dziko ndalama pa zida zomwe labweretsa, ndipo imatumiza oyendera kukaona ngati zidazo zikugwira ntchito. Galimoto yofa silipiridwa. Choncho kudziwiratu sipeya iti imatha msanga m'matope a ku Kivu, kum'mawa kwa Congo, n'kuitumiza isanafunike, ndi madola olowa m'thumba la dziko.

Za chakudya sindichedwapo chifukwa mlimi aliyense wa ku Jenda amazidziwa: nyemba ndi chimanga zimatchipa pokolola, n'kukwera m'miyezi ya January ndi February. Chiwerengero cha asilikali chimadziwika, leshoni ya munthu mmodzi imadziwika, ndiye chakudya cha chaka chonse n'chosavuta kuwerengera. Oda yadzidzidzi ya chinthu chomwe chimadyedwa tsiku lililonse imafunika kufunsidwa kuti dzidzidziyo yachokera kuti.

Nanga chinsinsi? Chilipo chenicheni, ndipo wotsutsa zimenezi sakunena zoona. Kuchuluka kwa zipolopolo zomwe dziko lasunga, mtundu wa mawailesi olumikizirana, komwe zida zaikidwa, izi sizoyika pa Facebook. Ndiponso deta yonse ikasonkhanitsidwa malo amodzi imasanduka nkhokwe yomwe akazitape angaisirire, ndiye imafunika loko wolimba ndi kaundula wa aliyense amene watsegula. Koma chinsinsi kwa anthu wamba si chinsinsi kwa onse. Pali mkulu wofufuza za ndalama za boma, pali komiti ya aphungu yoona zachitetezo, pali ACB. Amenewa akhoza kuona manambala chitseko chili chotseka. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu September 2020, nalonso limalola kubisa zomwe zingaononge chitetezo cha dziko, koma silinena kuti chilichonse chovala yunifomu ndi chinsinsi.

Vuto lalikulu kuposa chinsinsi ndi deta yabodza kapena yoperewera. Dalaivala akalemba makilomita ongopeka mu log book, kompyuta iwerengera bodzalo mwaukhondo n'kutulutsa tchati chokongola. Wa kusitolo akasaina kuti walandira katundu yemwe sanamuone chifukwa wamuuza ndi bwana, mapepala atatu aja agwirizana bwinobwino. Kuusilikali lamulo la wamkulu silifunsidwa, ndipo n'chifukwa chake wosanthula deta sayenera kukhala pansi pa munthu yemwe akuvomereza zogulazo. N'chifukwa chakenso wina amayenera kupita kusitoloko osanena, kukawerenga matumba ndi manja. Ngakhale olemera zimawavuta: unduna wa zachitetezo wa America unayamba kufufuzidwa mabuku ake onse mu 2018, ndipo pofika 2024 unali usanakhozepo ngakhale kamodzi, mwa zina chifukwa cholephera kufotokoza bwino katundu amene uli naye.

Ndiye ngati wina atabwera ndi pulogalamu ya pakompyuta ya madola mamiliyoni n'kunena kuti ithetsa zonsezi, ineyo ndingayambe ndamufunsa kuti ena anaigula zingati. Zambiri zomwe ndafotokozazi zimatheka pa Excel ndi anthu ochepa odziwa ntchito, ndipo anthuwo sitichita kuwaitanitsa kunja. Pa Mzuni pompa, ku Luwinga, amaphunzitsa za makompyuta komanso maphunziro a zachitetezo, mtunda wa mphindi zochepa kuchokera ku Moyale. Poyambira pake ndi mizere itatu yomwe komiti ya aphungu ikhoza kuitanitsa bajeti ya chitetezo isanavomerezedwe: mitengo ya zinthu 50 zogulidwa kawirikawiri, baraki iliyonse payokha, pambali pa mtengo wa pamsika, makampani khumi omwe alandira ndalama zambiri ndi mayina a eni ake enieni, ndi mndandanda wa zida zonse zomwe zili ndi tsiku lothera ntchito, kuyambira deti lakale kwambiri kutsika mmunsi.